Gogo wa ku Latvia wandisiyira chitini cha ndalama zakwawo: ndisinthe, ndigulitse kapena ndisunge?

"Zikomo bambo. Ine ndine mayi wa ku Malawi, ndimakhala ku Leicester kuno ku England. M'nyumba yoyandikana ndi yathu munkakhala gogo wina wa ku Latvia amene anabwera kuno ali mwana, pamodzi ndi makolo ake, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha. Tinkagwirizana kwambiri. Ine ndinkawagulirako zinthu ku shopu, iwo n'kumandiyang'anira ana ndikachedwa ku ntchito. Mwezi wathawu asamukira kwa mwana wawo, ndipo potsanzikana anandipatsa kachitini ka mabisiketi kodzaza ndalama zakwawo. Muli zachitsulo zikuluzikulu zitatu zokhala ndi nkhope ya mtsikana, ziwiri za 1931 ndi imodzi ya 1929, koma ya 1929 anaiwotcherera pini kumbuyo. Muli zina zing'onozing'ono zambiri: za nsomba, za ng'ombe, ina ya mbalame, ina ya nyerere. Zapepala zilimo zinayi za 5, ziwiri za 10, imodzi ya 20, ndi zina za 1992 zolembedwa kuti rublis. Alamu anga akuti amenewa ndi mamiliyoni. Ku banki yanga anakana kuzisintha. Nditaika chithunzi pa Facebook, munthu wina wandilembera kuti agula zonse pa mtengo waukulu, bola nditumize kaye ndalama ya satifiketi. Kumudzi kukufunika fizi ya ana awiri. Kodi ndalamazi zikugwirabe ntchito? Ndizitsuke kaye popeza zada? Nanga kugulitsa mphatso ya gogo n'kulakwa?"

Mayi, khazikani mtima pansi. Palibe chimene mwataya, ndipo palibe tsiku limene likukuthamangitsani. Zimene zili m'chitinimo si zinyalala ngakhale banki yanu yazikana, komanso si mamiliyoni amene alamu anu akunena. Lero lino mugwire ziwiri izi: munthu wa pa Facebook uja musamutumizire ngakhale peni imodzi, ndipo ndalamazo musazitsuke. Zifukwa zake ndifika nazo.

Ndagwira ntchito yosintha ndalama zakunja kwa zaka zambiri, ndipo kusonkhanitsa ndalama zakale ndinakukonda kuyambira ndili mnyamata. Zitini ngati chanucho ndaziona kawirikawiri, ndipo chimene chimasokoneza eni ake n'chimodzi. Iwo amaona mulu umodzi wa ndalama za dziko limodzi, pomwe m'katimo muli ndalama za nthawi zitatu zosiyana, iliyonse ndi njira yake. Tsono yalani kansalu patebulo muzipatule. Zachitsulo zokhala ndi zaka za pakati pa 1922 ndi 1940 ziikeni pazokha. Mapepala a rublis aikeni paokha. Zotsala zonse zolembedwa lats, lati, latu kapena santīms, santīmi, santīmu (santīms ali ngati tambala pa kwacha), za zaka za 1992 mpaka 2013, zikhale mulu wachitatu.

Tiyambe ndi mulu wachitatuwo, poti ndi umene uli ndi yankho losavuta. Dziko la Latvia linasiya ndalama yake ya lats pa 1 Januwale 2014 n'kuyamba kugwiritsa ntchito euro, ndipo linali dziko la nambala 18 kutero. Masabata awiri oyamba ndalama ziwirizi zinkayendera limodzi m'mashopu. Mapositi ofesi ena anapitiriza kusintha kwa miyezi itatu, mabanki wamba mpaka kumapeto kwa Juni chaka chomwecho, kenako anasiya. Koma banki yaikulu ya dzikolo, Latvijas Banka, inalonjeza kusintha ma lats popanda malire a nthawi komanso popanda kudulapo kanthu, pa mtengo umodzi wosasintha: euro imodzi pa 0.702804 lats. Kunena mophweka, lats imodzi ndi 1.42 euro. Banki yanu ya ku Leicester sinalakwitse kukana, chifukwa mabanki wamba sasunganso ndalama zimene zinachoka pamsika. Kungoti amene anakuthandizaniyo mwina sanadziwe kuti kwawo kwa ndalamazo zikulandiridwabe.

Tiwerenge zanuzo. Mapepala anayi a 5 lati, obiriwira aja okhala ndi mtengo waukulu wa oak, ndi 20 lats. Awiri a 10 latu, okhala ndi mtsinje wa Daugava, ndi 20 inanso. Limodzi la 20 latu, lokhala ndi nyumba yakumudzi, likukwanitsa 60 lats. Zimenezi ndi 85.37 euro. Pamwamba pake muonjezere zachitsulo: ya nsomba ya salmon iliyonse ndi 1 lats, ya ng'ombe ndi 2 lati, kutanthauza 2.85 euro, ya kamtengo ka paini ndi theka la lats. Si chuma chodzidzimutsa, koma ndi ndalama yeniyeni, yoti ikafika kumudzi itha kuchepetsako ngongole ya fizi.

Mwina mukudabwa kuti kadziko kakang'ono, ka anthu osafika mamiliyoni awiri, kanali bwanji ndi ndalama yolemera chonchi. M'zaka zake zomaliza lats imodzi inkaposa ngakhale paundi ya ku Britain. Chinsinsi chake chinali chakuti banki yaikulu inaimangirira ku ndalama zakunja, ku euro kuyambira 2005, ndipo inakaniratu kuigwetsa mphamvu. Ngakhale pa mavuto a zachuma a 2008 ndi 2009, pamene chuma cha dzikolo chinatsika koopsa n'kufika pokapempha ngongole ku IMF ndi ku European Union, iwo sanaigwetse. Ife amene tinaona kwacha ikugwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 tikhoza kuwasirira, koma tisaiwale kuti anthu wamba analipira mwa njira ina. Malipiro anadulidwa, ntchito zinatha, ndipo achinyamata ambirimbiri anasamukira ku Britain ndi ku Ireland. Ambiri mwa anthu a ku Latvia amene mumakumana nawo m'mafakitale ndi m'malo osungiramo katundu anabwera ndi mphepo imeneyo.

Ndipo anthu amenewo ndi amene angakuthandizeni. Ma lats amasinthidwa ku ofesi ya banki yaikulu ku Riga. Inuyo kuti mupite nokha, tikiti ya ndege ndi visa ya Schengen yolowera m'mayiko a ku Ulaya monga Latvia, ngati mukuyendera pasipoti ya Malawi, zidzadya kuposa ndalama imene mukukatengayo. Nzeru ndi kupeza munthu wodalirika amene akupita kwawo, ndipo ambiri amapita pa Khirisimasi kapena kumapeto kwa Juni pa chikondwerero chawo cha Jāņi. Mwana wa gogoyo ndi woyamba kumufunsa. Mulembe pa pepala zimene mwamupatsa, mujambule chithunzi, aliyense akhale ndi kope yake. Asananyamuke ayang'ane pa intaneti masiku ndi maola amene ofesiyo imatsegula, ndipo atenge chiphaso. Kuno ku Britain aliponso makampani amene amagula ndalama zosiyidwa kudzera pa positi. Njirayi ndi yachangu, koma amadulapo gawo lalikulu ndithu, makamaka pa zachitsulo. Muyerekeze kaye mtengo wawo ndi 1.42 euro uja, muone ngati kufulumirako kukuyenera ndalama imene mutaye.

Musanapereke mulu umenewu kwa aliyense, chotsanimo ya mbalame ija ndi ya nyerere. Kuyambira 2001 Latvijas Banka inkatulutsa ndalama za 1 lats zapadera, zoyenda m'matumba a anthu ngati zina zonse koma zokhala ndi chithunzi china m'malo mwa nsomba. Yoyamba inali ya dokowe ali pa chisa, mu 2001. Ya nyerere inatuluka mu 2003. Kenako kunabwera ya bowa, ya tambala wa pamwamba pa tchalitchi cha St Peter ku Riga, ya chule, ya kanungu, ya chikho cha mowa, ndi zina zambiri mpaka 2013. Anthu a kumeneko anazikonda kwambiri moti ambiri ankati akaipeza m'chenji sankaigwiritsanso ntchito. Ya dokowe ndi ya nyerere anapanga zochepa, 250,000 mtundu uliwonse, ndiye osonkhanitsa ndalama amazifuna ndipo amapereka kuposa mtengo wa kubanki. Kukasintha ya nyerere ndi 1.42 euro kungakhale kuitaya. Chimodzimodzinso pepala lililonse limene likuoneka latsopano, losapindidwa ngakhale kamodzi: musalipinde, liikeni m'buku, poti lotero limagulidwa kuposa mtengo wake wolembedwa.

Za ma rublis sindichedwapo. Latvia itamasuka ku Soviet Union mu 1991, inafunika ndalama yongogwirizira podikira kuti lats ikonzedwe. Pa 7 Meyi 1992 anatulutsa rublis, imene anthu anaipatsa dzina loti repšiki potengera Einars Repše, mkulu wa banki yaikulu pa nthawiyo. Inangoyenda chaka ndi miyezi, chifukwa pa 5 Malichi 1993 pepala la 5 lati linatuluka, ndipo ma rublis 200 ankasinthidwa ndi lats imodzi. Lonjezo losintha mpaka kalekale lija ndi la ma lats, osati la ma rublis. Alipo ambiri pamsika wa osonkhanitsa ndipo mtengo wake ndi wochepa. Apatseni ana azionetsa anzawo kusukulu.

Tsopano tifike pa zikuluzikulu zitatu zija, zimene ndikukhulupirira kuti ndi zimene gogo ankaganizira pokupatsani chitinicho.

Latvia inalengeza ufulu wake pa 18 Novembala 1918, ndipo mu 1922 inakhazikitsa ndalama yake ya lats. Ya 5 lati imene muli nayoyo ndi yasiliva, ndipo inapangidwa m'zaka zitatu zokha: 1929, 1931 ndi 1932, ku Royal Mint, malo opangira ndalama zachitsulo za Britain, amene pa nthawiyo anali ku London konkuno. Anaijambula Rihards Zariņš, katswiri amene asanabwerere kwawo ankajambula ndalama zapepala za ufumu wa Russia ku St Petersburg. Nkhope ya mtsikanayo anaitengera kwa Zelma Brauere, mayi amene ankagwira ntchito yowerenga ndi kukonza zolakwika pa malo osindikizira mapepala a boma, pomwe Zariņš anali mkulu. Taganizani, mayiko ena akuika mafumu ndi akazembe pa ndalama zawo, iwo anaikapo mtsikana wovala chakumutu chachikhalidwe, ngala za tirigu zili paphewa. Anthu anamutcha Milda, ndipo mpaka lero mukangoti Milda kwa munthu wa ku Latvia amadziwa ndalama imene mukunena. Ine pa ndalama zonse za ku Ulaya za m'zaka zimenezo, iyi ndimaiika m'gulu la zokongola koposa.

Ndalamayi banki siisintha, chifukwa ndi ya lats yoyamba, imene inafa kalekale. Mtengo wake uli pawiri: pa siliva ndi pa kufunidwa kwake. Yeniyeni imalemera magalamu 25, m'mimba mwake ndi mamilimita 37, ndipo mwa magawo 1,000 a chitsulo chake, 835 ndi siliva. Ndiye kuti iliyonse ili ndi siliva weniweni wokwana pafupifupi magalamu 20.9. Funsani pa intaneti mtengo wa galamu imodzi ya siliva pa tsikulo, muchulukitse ndi 20.9, ndipo mwapeza pansi penipeni pa mtengo wake. Wina akakupatsani zochepera kwambiri pamenepo, akukudyerani masuku pamutu. Pamwamba pa siliva, osonkhanitsa amaonjezerapo malingana ndi mmene ndalamayo yasungikira, koma musayembekezere zambiri, chifukwa siyosowa. Mu 1929 anapanga 1,000,000, mu 1931 anapanga 2,000,000, mu 1932 anapanga 600,000. Zanu ziwiri za 1931 ndi za chaka chimene zinachuluka. Mtengo wake umawerengedwa m'makumi a mapaundi, osati m'masauzande.

Popeza ndi yotchuka, achinyengo amaikopera. Zanu, poti zachokera m'manja mwa banja limene linathawa nazo nkhondo, sindikuzikayikira, komabe ndi bwino kudziwa kuyesa kuti wogula asakunamizeni kuti ndi zabodza. Iikeni pa sikelo ya digito ya kukhitchini: iyenera kusonyeza 25, kapena kuchepera pang'ono chabe ngati inayenda kwambiri m'manja. Iyandikizeni ku maginito: siliva sagwidwa. Yang'anani m'mphepete mwake mozungulira, muyenera kuona mawu akuti DIEVS SVĒTĪ LATVIJU, kutanthauza Mulungu dalitsani Latvia, olekanitsidwa ndi tinyenyezi. Zilembo za yabodza zimaoneka zofufuma, ngati zosungunuka. Pa maginitopo ndionjezere kanthu kena. Mukapeza m'chitinimo za 10, 20 kapena 50 santīmu za 1922, zoyera ngati siliva, zimenezo maginito azigwira, koma si zabodza. Anazipanga ndi nickel. Zasiliva za nthawi imeneyo ndi zitatu zokha: 1 lats ya magalamu 5, 2 lati ya magalamu 10, ndi 5 lati.

Nanga ya pini ija? Wogula aliyense adzakuuzani kuti yawonongeka, ndipo pa malamulo a msika akunena zoona. Ndalama ikawotchereredwa, osonkhanitsa saifunanso, imangotsala ndi mtengo wa siliva. Koma mvetserani mmene pini ija inafikira pamenepo. Mu Juni 1940 asilikali a Soviet Union analowa mu Latvia. Kwa miyezi ingapo lats inayendera limodzi ndi ruble, kenako pa 25 Malichi 1941 inathetsedwa popanda chenjezo, ndipo amene anali ndi ndalama ku banki anangosiyiridwa zosapitirira 1,000, zotsala zonse n'kulandidwa. Mapepala anasanduka mapepala chabe tsiku limodzi. Owerenga athu a ku Zimbabwe safunika kuwafotokozera ululu wotere. Zasiliva zokha ndi zimene zinatsala ndi mphamvu, ndipo anthu anazibisa, ena kuzikwirira pansi, ena kuzisokerera m'mipendero ya zovala. Pa 14 Juni 1941 anthu oposa 15,000 anatengedwa usiku n'kukwezedwa sitima kupita ku Siberia ndi madera ena akutali. Mu Malichi 1949 anatengedwanso ena oposa 42,000. Pakati pa zaka zimenezo panali ulamuliro wa Germany, ndipo mu 1944 asilikali a Soviet akubwereranso, anthu oposa 100,000 anathawira kumadzulo. Ambiri anakhala zaka m'misasa ya othawa nkhondo ku Germany, kenako n'kumwazikira ku Britain, America, Canada ndi Australia. Makolo a gogo wanuyo ayenera kuti anadutsa njira imeneyi.

Munthu wothawa satenga nyumba, satenga munda. Amatenga chokwana m'thumba. Milda anakwana m'thumba, ndipo anali ndi dzina la dziko limene linali litafufutidwa pa mapu. N'chifukwa chake amayi ambiri, kwawo komweko ndi kunja komwe, anaiwotcherera pini kapena kuiika m'kamkombero ka siliva kuti aziibaya pachifuwa pa chovala. Ankapatsana pa ukwati ndi pa ubatizo wa mwana. Kwa zaka pafupifupi 50 dzikolo lilibe ndalama yakeyake, imeneyi ndiyo inkakumbutsa anthu kuti linalipo. Ufulu utabwerera, mtsikana yemweyo anamuika pa pepala lalikulu kuposa onse, la 500 latu. Tengani limodzi la mapepala anu a 5 lati muliyang'ane poloza kuwala kwa zenera, mumuona ali m'kati mwa pepalalo ngati chizindikiro choteteza ku chinyengo. Ndipo lero ali pa ndalama za 1 euro ndi 2 euro za ku Latvia, ya 2 euro ili ndi mawu omwe aja m'mphepete. Choncho mwa zonse za m'chitinimo, ya piniyo ndi imene msika ungaipeputse kwambiri, komanso ndi imene ine ndingakupempheni kuti musaigulitse. Mwina anaivala ndi mayi awo a gogoyo. Munthu sapereka chinthu chotere kwa woyandikana naye wamba.

Za kutsuka, yankho ndi ayi, ndipo ndikunena motsindika chifukwa apa ndi pamene anthu aukhondo amadzipweteka. Kuda kumene mukukuonako ndi mtundu umene siliva amatenga akakhala zaka zambiri, ndipo odziwa ndalama amaukonda, poti umasonyeza kuti palibe amene anaisokoneza. Mukaikwecha ndi phulusa, mchenga, mankhwala otsukira mano, soda kapena polishi, mumasiya timizere tosaoneka ndi maso koma toonekeratu pa galasi la wogula, ndipo gawo la mtengo limene linali pamwamba pa siliva limathera pomwepo. Ndaona ndalama zabwino zitabwera zikunyezimira, mwini wake akumwetulira kuti wazikonza, ine n'kusowa poyambira kumuuza. Zigwireni m'mphepete, osati pankhope. Iliyonse ikhale m'kaenvelopu kake ka pepala kuti zisamakhulane, pamalo pouma. Musazikulunge ndi labala kapena kuzimata ndi tepi.

Munthu wa satifiketi uja ndi wakuba. Sindikukayika ngakhale pang'ono. Wogula weniweni amapereka ndalama kwa wogulitsa, sapempha. Akangolandira ya satifiketi, padzabwera ya msonkho, kenako ya inshuwalansi, kenako nambala yake sidzapezekanso. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Msampha umenewu kwathu timaudziwa. Ndi womwe uja wa mphekesera zoti peni yabowo pakati ya nthawi ya Rhodesia and Nyasaland ikufunidwa ndi azungu pa mamiliyoni, imene yachititsa anthu kugulitsa mbuzi kuti alipire "woyeza". Ndikuganiza kuti maganizo a alamu anu akuchokera ku nkhani zomwezo, ndipo simufunika kukangana nawo, ingowaonetsani chiwerengero cha 2,000,000 chija. Munthuyo mutsekeni, musamupatse adiresi ya nyumba yanu, ndipo chithunzi chija chichotseni pa Facebook. Si bwino kuti anthu osawadziwa adziwe kuti m'nyumba mwanu muli siliva.

Mukasankha kugulitsa ziwiri za 1931 pamodzi ndi ya dokowe ndi ya nyerere, yambani mwadziwa mtengo. Pa eBay, msika wa pa intaneti, musayang'ane mitengo imene anthu akuitanira, chifukwa aliyense akhoza kulemba chimene wafuna. Sankhani poonetsa zimene zinagulidwa kale, ndipo muyerekeze ndi zofanana ndi zanu pa chaka ndi pa maonekedwe. Kenako pitani kwa ogulitsa ndalama zakale awiri kapena atatu, makamaka amene ali m'bungwe la British Numismatic Trade Association. Aliyense adzakupatsani zocheperako pa mtengo wa pamsika, poti nayenso afunika kupeza phindu, ndipo zimenezo si kuba. Mashopu ogula golide ndi siliva kapena a pinyolo amangoyeza kulemera, saona za chaka kapena kukongola, ndiye akhale omaliza. Musalole kuti ndalama zipite kuchipinda chakumbuyo inu mutatsala pakauntala, ndipo mukamatumiza pa positi gwiritsani ntchito njira yosainira yokhala ndi inshuwalansi. Njira ina yabwino ndi kugulitsa kwa eni ake enieni. M'chigawo chanu chomwecho cha Leicestershire, ku Catthorpe Manor, anthu a ku Latvia ankakumanako kwa zaka zambiri, ndipo pakati pa anthu amenewa sipasowa wofuna Milda woti akapatse mdzukulu pa ubatizo.

Funso lanu lomaliza ndi limene landikhudza. Kugulitsa mphatso n'kulakwa? Chimene mwapatsidwa ndi chanu, ndipo fizi ya ana si chifukwa chochititsa manyazi. Ma lats a 1992 mpaka 2013 aja ayenera kuti ndi chenji chimene chinatsala gogo atapita kukaona kwawo dziko litamasuka. Kuwasintha n'kuwagwiritsa ntchito imene anapangidwira, ndipo sindikuona kuti iwo angadandaule. Pa zasiliva, gogo akadali moyo, ndiye bwanji osawafunsa? Ayimbireni foni kapena kawachezereni. Muwauze za ana akumudzi, ndipo muwafunse kuti ya pini ija inali ya yani, inadutsa kuti. Lembani zimene anene, pepalalo muliike pamodzi ndi ndalamayo. Anthu amene anaona misasa ija ndi maso awo atsala ochepa.

Ulendo womwewo mukonzenso kanthu kena kamene ambiri sakaganizira. Mphatso yochokera kwa munthu wokalamba nthawi zina imadzabweretsa mafunso iye atamwalira, achibale akayamba kufunsana kuti zasiliva za agogo zinapita kuti. Inu ndinu mlendo m'dziko la eni, ndipo simukufuna dzina lanu limveke pa nkhani yotere. Onetsetsani kuti mwana wawo akudziwa za chitinicho, ndipo pemphani gogo akulembereni kakhadi konena kuti anakupatsani mwa kufuna kwawo, asaine ndi kulemba tsiku. Mwana wawoyo akaonetsa kuti ya piniyo banja linkaifuna, ganizirani zoibweza ndi mtima woyera. Kwa owerenga ena amene amagwira ntchito yosamalira okalamba, nkhani yanu ndi yosiyana ndi ya mayiwa: malo ambiri a ntchito amaletsa kulandira mphatso kwa amene mukuwasamalira, ndiye uzani akuluakulu a pantchito musanatenge chilichonse kupita nacho kunyumba.

Pali zochepa zimene zingafune katswiri woona ndi maso, osati malangizo a patali ngati anga. Mukapeza m'mulu wakale uja 1 lats ya 1923 kapena 2 santīmi ya 1938, musaigulitse kwa aliyense musanaionetse ku kampani yodziwika yogulitsa ndalama zakale pa okushoni, chifukwa zimenezo ndi zosowa kwenikweni ndipo zabodza zake ziliponso. Chimodzimodzi mukapeza mapepala a lats a zaka za 1920 ndi 1930 osang'ambika, kapena ndalama ili m'kabokosi kake ndi kapepala ka banki, monga Milda watsopano amene Latvijas Banka inatulutsa mu 2012 pokumbukira zaka 90 za bankiyo. Ndipo ngati munthu wa pa Facebook uja munamupatsa kale nambala ya akaunti kapena chithunzi cha chiphaso chanu, musadikire kuti muone ngati achitepo kanthu. Imbirani banki yanu lero lomwe, muwafotokozere zonse, kenako mukanene ku polisi.